Bokosi Limene Linagona kwa a Luwiza

Nkhani iyi ndinaimva kwa mayi Imelda Makwinja, Mulungu awalandire, m'chaka cha 2006, nthawi imene ife a mumphakati wa kutchalitchi kwathu tinkasinthana kukawapempherera kunyumba kwawo ali chigonere. Tsiku lina titatha kupemphera korona, anzanga atatsazika, anandigwira dzanja nati ndikhale kaye. Ndikuilemba monga anandiuzira. Pamene iwo sanamvetse, inenso sindinaikepo nzeru zanga.

A Imelda ankagwira ntchito ku myuziyamu ina ya kummwera, nyumba yosungiramo zosemasema ndi zinthu zamakedzana. Mu Julaye 1997, myuziyamu ina ya ku Lusaka inabwereka chosema chimodzi kuti chikaonetsedwe kumeneko miyezi itatu, ndipo a Imelda ndi amene anasankhidwa kuchiperekeza. Kanali koyamba kuti chinthu cha m'nyumba imeneyo chituluke m'dziko. Akuluakulu anawauza mosapsatira kuti dzina lili pamapepala ndi lawo, ndipo chikakafika chitavulala, kapena osafika, wofunsidwa adzakhala iwo.

Chosemacho chinali munthu wamwamuna, wosemedwa pamtengo wa mlombwa, wamtali ngati munthu weniweni, ataimirira, chipewa atachigwira pamimba ndi manja onse awiri. Wosema wake anamwalira kalekale, ndipo panalibe amene ankadziwa kuti nkhopeyo anatengera ya yani.

Ntchito yoperekeza ili ndi malamulo ake. A Imelda anatha tsiku lathunthu akuchizungulira chosemacho ndi tochi, kulemba mng'alu uliwonse, chipsera chilichonse, ngakhale kabowo kamene kachilombo kanaboola. Atatha anachikulunga m'nsalu yoyera, nachigoneka chagada pasiponji, nakhomera chivundikiro. Anamanga waya m'makona onse anayi, ndipo pamfundo iliyonse anapanikizapo kachidindo ka mtovu kokhala ndi nambala. Bokosi lotere silitsegulidwa panjira. Limatsegulidwa kumene likupita, eni ake ndi obwereka ali pomwepo. Ndipo woperekeza salisiya. Pamene lagona, iyenso amagona pomwepo.

Bokosilo linali lalitali, lopapatiza, la matabwa oyera. Anthu awiri okha ndi amene analikweza papikapu.

Dalaivala anali a Goliati, bambo wamfupi, wanthabwala, woti sakanatha kuyenda mtunda umodzi ali duu. Chinawavuta panjira chinali marodibuloko. Paliponse apolisi ankafuna kuona zam'kati, ndipo a Imelda ankatsika, kutulutsa mapepala, kufotokoza, kudikira wamkulu abwere, kufotokozanso. Tsiku lachiwiri podutsa pa Namitete dzuwa linali litapendeka kale, pamene kumalire mapepala a katundu ankasiya kudinda ikakwana faifi.

"Madamu, mayendedwe awa ku Lusaka tikadyera Khirisimasi," anatero a Goliati. "Mundilole ndione matayala."

Anaima atangowoloka mtsinje wa Bua. A Imelda anatsala m'galimoto, maso ali pabokosi kudzera pagalasi lakumbuyo. Anamva kuthyoka kwa nthambi m'tchire, naganiza kuti bamboyo wapita kukadzithandiza.

Parodibuloko yotsatira wapolisi anangoyang'ana kamodzi, navula chipewa, nakweza chitsulo. Apa ndi pamene a Imelda anaona nsonga za masamba zikugwedezeka kutsogolo kwa boneti.

"A Goliati, mwaika chiyani kutsogoloku?"

"Pasipoti, madamu."

"Amenewo ndi masamba a maliro!"

"Nanga bokosi lanulo likuoneka ngati la sopo? Ine sindinanamize munthu. Ndangoiveka galimoto, ikuzizidwa."

A Imelda anayang'ana wotchi, nakhala chete. Pondiuza, mawu amenewa anawabwereza kawiri: anayang'ana wotchi, nakhala chete.

Kuchokera pamenepo msewu unasintha. Apanjinga ankatsika n'kuima pambali. Amayi ogulitsa mbatata ankadzuka pamalonda awo, manja kumbuyo. Malole a fodya, amene sapatukira munthu, ankapatuka. A Goliati poyamba ankaseka, koma atadutsa pa Kamwendo anasiya, chifukwa ulemu wa anthu ambirimbiri umalemera ukamaulandira usali wako. Atalowa m'dera la mfumu Zulu, pakati pa minda yokumbidwa mtedza, injini inangoti zii. Panalibe utsi, panalibe phokoso. Galimoto inayenda yokha pang'ono n'kukaima moyang'anizana ndi kanjira kolowera m'mudzi.

A Goliati asanatsegule n'komwe boneti, anthu anali atayamba kufika. Ankabwera mwakachetechete, n'kumakhala pansi m'mbali mwa msewu, amayi uku, abambo uku. Kenako panafika bambo wachikulire wovala jekete lakuda lotuwa m'mapewa. Anali a Lameki, mkulu wa mpingo m'mudzimo. Anawomba m'manja mofatsa.

"Pepani ndi zovutazi. Watisiya ndani?"

A Imelda anatsegula pakamwa, koma a Goliati anawatsogolera.

"Ndi bambo Mateyo. Tikuwaperekeza kwawo."

A Lameki anayang'ana anthu awo, nayang'ana bokosi, nayang'ana kanjira kamene galimoto inaimapo.

"Ndiye kwawoko mwafika," anatero.

M'mudzimo munali mayi wina, a Luwiza. Amuna awo, a Mateyo, anapita kumigodi ya ku Joni m'chaka cha 1962. Analemba makalata awiri, kenako zii. Ena ankati anakwatira komweko, ena ankati mgodi unawagwera. Popeza uthenga wa maliro sunabwere, a Luwiza sanalire, sanametedwe, sanamasulidwe. Zaka makumi atatu ndi zisanu anakhala osadziwika ngati ndi mkazi wa mwini kapena wamasiye.

Mayi wina anayambitsa kulira, ena nalandira. A Imelda anakuwa kuti, "Dikirani, si choncho!" koma mawu awo anamira. Maliro sagona pamsewu. Abambo anakwera papikapu namasula zingwe. Bokosi limene anakweza anthu awiri analitsitsa anthu asanu ndi mmodzi, mitsempha itatuluka m'khosi, ndipo kanjira kafupi kameneko anapumira kawiri. A Imelda analitsatira pambuyo, chikwama cha mapepala atachikumbatira pachifuwa. Analibe kuchitira mwina. Kumene bokosi likupita, nawonso ndi komweko.

Analigoneka pamphasa m'nyumba ya a Luwiza. Kunja kutayamba kuchita mdima, a Imelda anakodola a Lameki, naima nawo pakhomo, pamene akanathabe kuliona bokosilo.

"Bambo, tachimwa. M'menemo mulibe munthu. Muli chosema cha mtengo, katundu wa boma. Dalaivala anaika masamba kuti tidutse msanga."

A Lameki anati, "Mayi, nkhope yanu si ya munthu wabodza. Koma anthuwa amva kale dzina. Tsegulani aone okha, nkhani ithere pomwepo."

"Sindingathe. Ndikadula waya mmodzi yekha, ku Lusaka sakalilandira, ndipo ntchito yanga yathera pomwepo."

"Ndiye mukundipatsa mawu okhaokha kuti ndikawagawire anthu olira?"

A Imelda anakumbukira chithunzi chimene chinali m'mapepala. Anachitulutsa. A Lameki anachiyandikiza pakoloboyi, nachiyang'anitsitsa. Analowa nacho m'nyumba, nagwada pafupi ndi a Luwiza.

A Luwiza anali mayi wowonda, wamaso ang'onoang'ono owala. Chifikire bokosilo, dzanja lawo linali pachivundikiro, chakumutu, ngakhale panalibe amene anawauza kuti kumutu ndi kuti. Anayang'ana chithunzicho osalira. Kenako anatembenukira kwa a Imelda.

"Mwana wanga, ndinu munawasambitsa?"

"Ndine ndinawa… ndinachikulunga, mayi."

"Kachala kakumanzere munakaona? Kaja kanaduka ndi chikwakwa tikumweta udzu wa nyumba ino?"

Pachithunzipo dzanja lamanzere silinkaoneka, chipewa chinaliphimba. Koma patsamba lachitatu la mapepala awo, a Imelda anali atalemba ndi dzanja lawo kuti kachala kakang'ono ka kumanzere n'koduka pamfundo yoyamba, ndipo kuduka kwake n'kwakale.

Usiku umenewo amayi anadzaza m'nyumba, abambo nasonkha moto panja. A Imelda anakhala atatsamira bokosi, msana uli pamatabwa. Nyimbo inkati ikatha, pankakhala kabata kochepa wina asanayambitse ina, ndipo m'kabata kameneko ndi mmene anayamba kumva. Poyamba kunali kulira kwa thabwa: tswa… tswa. Zimenezo sizinawaopse. Ankadziwa kuti mtengo ukachoka kotentha n'kufika kozizira umadzikoka, umalira. Anadziuza choncho kangapo. Koma nyimbo yachisanu itatha, anamva china kudzera mumsana, osati m'makutu. Chinali chifuwa. Chouma, chakuya, chonga cha munthu amene akuyesetsa kuchibisa kuti asasokoneze mapemphero.

Anayang'ana amayi aja. Onse anali atazyolika. A Luwiza okha ndi amene anasisita chivundikirocho pang'onopang'ono, ngati mmene timasisitira msana wa wodwala.

"Pepani, bambo," ananong'ona. "Ndi fumbi la panjira."

Kutacha a Goliati anasuzumira pakhomo, maso ali psuu, nthabwala zonse zitawathera. Ananjuta pafupi ndi a Imelda.

"Madamu, galimoto ija ndaiyang'ana paliponse. Palibe chafa. Koma ndipitabe kuboma ndikagule pampu, kuti anthu aziona ngati tikuchitapo kanthu." Anatsitsa mawu. "Dzina lija, madamu. Ine ndimafuna kunena kuti Banda. Banda ali paliponse, sakanafunsa zambiri. Ndinamva pakamwa panga pakunena zina."

"Pitani, mukabwere msanga."

"Kapena tingotsegula?"

"A Goliati, pitani."

Tsiku limenelo linali lalitali. Abale a a Mateyo anafika panjinga kuchokera ku Chiosya, ena kuchokera kumaesiteti a fodya. A Lameki anawasonkhanitsa pansi pamtengo wa mango nawawerengera mapepala a boma, chidindo ndi chidindo. Ena anamvetsa. Ambiri anakana. Manong'onong'o ankalowa m'nyumba ndi amayi obweretsa madzi: akuti mayi wa m'tauniyu akuzembetsa mtembo, akuti ku Zambia kuli ogula ziwalo, akuti ndani anaonapo mtengo ukulemera chonchija, ndani anaonapo mtengo woyenda ndi woulondera wosagona. Chakumadzulo mphwake wa a Mateyo anaima pakhomo nayankhula mokweza kuti a Imelda amve.

"Galimoto ikhoza kupita. Mayiwa akhoza kupita. Koma amalume anga sawolokanso malire kachiwiri. Adzukulu akumba manda mawa m'mamawa."

A Imelda anayendera zidindo zinayi zija ndi chala, chimodzichimodzi. Anali atakhala masiku atatu osagona tulo tenitweni. Anapemphera kuti Mulungu angowapatsa maso ouma mpaka kuche.

Usiku wachiwiri nyimbo zinatha msanga. Mphepo ya Julaye inkalowa pansi pa chitseko, koloboyi n'kumaphethira. Amayi anagona mmodzimmodzi, atadzikulunga m'zitenje. Anatsala maso a Imelda ndi a Luwiza basi. Ndipo a Luwiza anayamba kuyankhula, osati ndi a Imelda, koma ndi chivundikiro, pakamwa atayandikiza pathabwa.

Ankafotokoza za m'mudzi. Anayambira chaka chimene a Mateyo anachoka, n'kumabwera nazo mwandondomeko. Za mwana amene anamusiya m'mimba, kuti anali wamkazi, kuti anamutcha Esitele, kuti chikuku chinamutenga asanayambe kuyenda. Za munda wa kudambo umene achimwene a a Mateyo analanda. Za chaka cha njala. Za ng'ombe yawo yoyera. Za amuna atatu amene anabwera kudzafunsira, ndi mmene anawabwezera. Sankadandaula. Ankangopereka malipoti, ngati munthu amene anasungitsidwa nyumba. Ndipo akanena chinthu, ankaima, n'kudikira, n'kugwedeza mutu.

"Ayi, ameneyo anamwalira kale… Eya, womwewo… Nanga ndikanatani, bambo?"

M'mipata imeneyo, pamene a Luwiza ankadikira, a Imelda ankamva thabwa limene analitsamira likukwera pang'ono, n'kutsika pang'ono. Kukwera, kutsika. Anafuna kuchotsapo msana, koma anaopa kuti akachoka ndiye kuti avomereza. Anayamba Atate Athu chamumtima. Ankati sakumbukira ngati anafika pa "mutipulumutse ife ku zoipa." Tulo tinawagwera ngati bulangete lonyowa.

Anadzidzimuka kunja kutayera mbee. M'nyumba munalibe munthu. Pansi panali posesedwa bwino, mizere ya tsache ikuoneka kuzungulira bokosi mpaka pamapazi awo. Anagwada nagwira zidindo. Choyamba, chachiwiri, chachitatu, chachinayi. Zonse zinali zilipo, nambala zake zomwezo, waya wopotedwa mmene iwo ankapotera, kawiri kumanja kamodzi kumanzere. Misomali inali yosakhudzidwa.

Panja, a Luwiza anali atakhala pamphasa akuwothera dzuwa, atasamba, atavala mpango woyera. Kanali koyamba kuwaona dzanja lawo lisali pabokosi.

A Lameki anafika ndi dothi lofiira kunsapato.

"Mayi, adzukulu akumba. Sindinathe kuwaletsa. Ndipo dzenje likakumbidwa siligona lopanda kanthu, lingaitane wina. Makolo athu zikatere ankaikamo thunthu la nthochi. Ndakambirana ndi abale. Tiika nthochi m'dzina la a Mateyo, mayiwa ametedwe, akhale wamasiye ngati anzawo. Inu mutenge katundu wanu."

"Avomera? Ngakhale mphwawo uja?"

"Mwini maliro wavomera. Ena angakane bwanji?"

A Imelda anayang'ana a Luwiza. Mayiwo anamwetulira pang'ono, nati, "Pitani nalo bokosi lanu, mwana wanga. Mwatopa nalo."

Panali chinthu chimodzi chokha chimene a Lameki anapempha. Amene wabweretsa maliro sathawa asanaikidwe. Ayenera kufika kumanda, aponyeko dothi, apo ayi anthu adzati anataya mtembo pamudzi ngati galu. A Goliati anali atabwerako m'mamawa ndi pampu yawo m'thumba. A Imelda anawakhazika pamwamba pa bokosi.

"Musadzuke. Ngakhale njoka ilowe."

"Madamu, ine kukhalira bambowa?"

"Khalani!"

Aka kanali koyamba ndi komaliza pantchito yawo yonse kusiya katundu ali maso. Nthochiyo anali ataikulunga kale akuluakulu kuseri kwa nyumba, m'nsalu ndi m'mphasa, namanga ndi luzi patatu. Anainyamula pamachira a nsungwi. Kumanda a Lameki anawerenga mawu, anthu anaimba, adzukulu awiri anatsikira m'dzenje nalandira mphasayo. A Imelda anaima kutsogolo penipeni. Anaponya dothi lawo, nabwerera chothamanga nyimbo isanathe.

Anapeza a Goliati ali pomwe anawasiya, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Bokosilo analinyamula anthu awiri, mmodzi kumutu wina kumiyendo, akucheza. A Goliati anati ayese kaye kiyi asanayambe kumasula zitsulo, ndipo injini inalira nthawi yomweyo, pampu yatsopano ili m'thumba. Masamba aja anachotsa ndi a Lameki, ndi manja awo, nawataya m'ngalande.

Pamalire anawerenga zidindo nadinda mapepala. Anagona ku Chipata, a Imelda ali kumbuyo kwa pikapu pambali pa bokosi, ndipo usiku wonse linali chete ngati bokosi lina lililonse. Anafika ku Lusaka madzulo a tsiku lotsatira.

Analitsegula m'mawa mwake, m'chipinda chowala magetsi, pamaso pa anthu asanu ovala magolovesi oyera. Mkulu wa kumeneko ankawerenga nambala ya chidindo, a Imelda n'kuvomera, kenako n'kudula. Zinayi zonse zinagwirizana. Anazula misomali. Nsalu yoyera inali mmene anaipindira, mapini ake ali m'malo mwake. Koma inali yonyowa, yamathothomathotho ofiirira. A Imelda anachotsa mapini, naitambasula.

Pasiponji panali thunthu la nthochi. Lobiriwira, lodulidwa kumene, madzi akuchuchabe kumene chikwanje chinadutsa.

Zotsatira zake anazifotokoza mwachidule. Ntchito inawathera. Anafunsidwa mafunso ku Lusaka, anafunsidwanso atabwerera kumudzi kuno, miyezi ndi miyezi. Ena ankati anagulitsa chosemacho kwa azungu. Ena ankati anthu a m'mudzi muja anazula matabwa a pansi pa bokosi iwo ali m'tulo, osakhudza waya, ndipo a Imelda ankavomera kuti mmisiri wochenjera akhoza kutero, ngakhale sanamvetse kuti akanalitembenuza bwanji msana wawo uli pomwepo. Ofufuza anawauza kuti nkhani yake ndi yosavuta: atchule mudzi, akatenge chilolezo, akafukule, chosemacho chikapezeka dzina lawo liyera ndipo abwerera pantchito. A Imelda anayankha kuti mudziwo anauiwala. Anati kunali kutada, ndipo midzi ya m'mbali mwa msewu umenewo imafanana. A Goliati, powafunsa kwaokha, ananena chimodzimodzi, chonsecho awiriwa sanapangane.

Apa ndinalephera kudzigwira. Ndinawafunsa ngati anauiwaladi.

Anapukusa mutu papilo. Anati kanjira kaja akhoza kukalozera ngakhale atatseka maso. Anapempha madzi, ndinawamwetsa, ndipo anagwiranso dzanja langa, nati:

"Mukandipempherere pa bodza limenelo, amayi, chifukwa ndinalinena ndikudziwa. Ndikanakhala ndi chitsimikizo choti tikapezamo mtengo, ndikanakafukula ndi manja angawa. Koma ine ndinaima kutsogolo penipeni pamene ankatsitsa mphasa ija. Mdzukulu wa kumiyendo anaterereka pang'ono, ndipo mphasa inapinda. Mlombwa supinda, amayi. Ine ndaugwira zaka makumi awiri, supinda. Ija inapinda m'mawondo."